Diso Likabwerera M'mbuyo

Liwu loti mtengo likalembedwa lokha papepala, palibe angadziwe ngati likunena za chomera kapena za ndalama zogulira chinthu. Pakamwa awa ndi mawu awiri osiyana, chifukwa pena liwu limakwera pomwe pena limatsika. Koma kalembedwe kathu, kuyambira pa malamulo a Chichewa Board a 1973 mpaka amene adakonzedwanso mu 1990, sikaonetsa kusiyanaku. N'chimodzimodzi ndi mneni woti ndimapita, amene angatanthauze chizolowezi changa cha masiku onse kapena zimene ndimachita dzulo masana. Komabe mwini Chichewa akamawerenga kuti "Mtengo wa feteleza wakwera" sapunthwa. Kamvekedwe kamene kakusowa papepalapo amachita kukatenga m'mutu mwake, osadziwa n'komwe kuti watero.

Chaka chino m'phunziro la ubongo ndi chiyankhulo ndi pamene ndidadziwa kuti ntchito yobisikayi ikhoza kuyezedwa. Diso siliyenda mosalala pamzere monga momwe timaganizira. Limadumpha, n'kuima, n'kudumphanso. Keith Rayner, amene adathera zaka zambiri pa nkhaniyi, adaonetsa kuti wowerenga Chingerezi wodziwa amaimitsa diso mamilisekondi 200 mpaka 250, ndiye kuti pafupifupi kota ya sekondi, kenaka amadumpha zilembo 7 mpaka 9. Nthawi zina diso limabwerera m'mbuyo kukaonanso zimene ladutsa kale. Kubwerera kumeneku ndiye kumaulula pamene ubongo wasokonezeka.

Taonani chiganizo ichi chimene ndidapeka poyesa anzanga a m'chipinda chogona: "The teacher sent the letter laughed." Aliyense amayamba ndi kuganiza kuti mphunzitsi ndiye watumiza kalata. Akafika pa "laughed" amaima, popeza chiganizo chimaoneka ngati chatha kale. Tanthauzo lake n'loti mphunzitsi amene adamtumizira kalata adaseka. Lyn Frazier ndi Rayner adaonetsa mu 1982 kuti ngakhale eni Chingerezi amagwa m'misampha yotere. Kusiyana kumabwera podzuka. Mwini chiyankhulo amabwerera kamodzi n'kukonza, pomwe wochiphunzira amachedwa, ndipo kawirikawiri tanthauzo loyamba lija limam'kakamirabe. Mu 2006 Harald Clahsen ndi Claudia Felser adafotokoza kuti wowerenga chiyankhulo chachiwiri amadalira kwambiri matanthauzo a mawu ndi zimene zingachitike m'moyo, osati kamangidwe kozama ka chiganizo. Akatswiri ena amatsutsa, akumati wochiphunzira akazama amafika pofanana ndi mwini wake. Ine ndili kumbali ya otsutsawa, ndipo chifukwa chake ndichitchula kumapeto.

Msampha uli m'Chichewanso, kungoti umakola ena. Mtsikana wina wochokera ku Ulaya, amene ndimam'thandiza Chichewa Loweruka, ndidam'lembera kuti, "Agalu inawathamangitsa mbuzi." Sadachedwe kuyankha: agalu ndiwo adathamangitsa mbuzi. Iye adatsata dzina loyamba, monga momwe Chingerezi chidam'zolowezera. Bill VanPatten adalemba kale kuti ophunzira chiyankhulo amakonda kutenga dzina loyamba m'chiganizo ngati mwininkhani. Koma mwana wa ku Dedza sangalakwe pamenepa. Iye amamva ka i- ndi ka -wa- m'kati mwa mneni, ndipo timaphatikizo tiwiriti timamuuza kuti mbuzi ndiyo yolusa, agalu ndiwo akuthawa. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo adaonetsa mu 1987 kuti mneni wa Chichewa akakhala ndi mgwirizanitsi wa pamtherankhani, maina akhoza kusuntha malo tanthauzo osasintha. Choncho diso la mwini Chichewa limafunafuna nkhani m'kati mwa mneni, pomwe la mlendo limaifuna kumayambiriro kwa mzere.

Chinanso chimene chidandidabwitsa n'choti chiyankhulo choyamba sichigona pamene tikuwerenga chachiwiri. Mu 2007 Guillaume Thierry ndi Yan Jing Wu a ku Bangor, ku Wales, adapatsa Atchaina odziwa Chingerezi mawu awiriawiri a Chingerezi chokhachokha. Mawu ena, ukawamasulira m'Chitchaina, amakhala ndi chilembo chofanana. Owerengawo sadazindikire zimenezi, koma zipangizo zoyezera ubongo zidaonetsa kuti ubongo wawo udazindikira. Kuyambira tsiku limenelo ndikakumana ndi "tree" ndi "price" patsamba limodzi ndimamwetulira ndekha.

Tsono funso limene likundivutitsa maganizo ndi ili: kodi ineyo ndine mwini pa chiyankhulo chiti ndikamawerenga? Chichewa ndidachiyamwa, ndimalota m'Chichewa, ndikapsa mtima ndimazaza m'Chichewa. Koma kuyambira Sitandade 5 pafupifupi buku lililonse limene ndidatsegula linali la Chingerezi, ndipo amene adayamba sukulu pambuyo pa chilengezo cha boma cha 2014 adauzidwa kuti aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Kafukufuku wa kawerengedwe amagwirizana pa mfundo imodzi yakuti liwu limene diso laliona kambirimbiri limazindikirika msanga. Diso langa laona "development" kangapo kuposa chitukuko. Ndikakumana ndi liwu lalitali ngati sitikadawathandizanso, ndimamva ndikuliphwanya m'maphatikizo, milomo ikugwedezeka pang'ono, mpaka khutu la m'kati litalimva. Pakamwa liwu lomwelo limatuluka kamodzin'kamodzi.

Agogo anga aakazi adalekezera Sitandade 4, koma akagwira Buku Lopatulika amandisiya kutali. Sabwerera m'mbuyo, saphwanya mawu, ndipo kamvekedwe amakaika pamalo pake asadafike n'komwe kumapeto kwa mzere. Iwo akhala akuwerenga Chichewa m'mawa uliwonse kwa zaka zoposa makumi asanu. Ine ndidachiwerenga mwakhama pokonzekera mayeso a Fomu 4 basi.

Ichi ndicho chifukwa chimene ndimakayikirira kugawa owerenga m'magulu awiri, eni ndi alendo, ngati kuti nkhani imathera pa bere. Eddie Williams, poyerekeza ana a sukulu za pulayimale a ku Malawi ndi a ku Zambia m'zaka za m'ma 1990, adapeza kuti ana a kuno amawerenga Chichewa bwino kwambiri kuposa momwe anzawo a ku Zambia amawerengera Chinyanja, pomwe pa Chingerezi sadasiyane kwenikweni. Chiyankhulo chinali chimodzimodzi mbali zonse za malire a Mchinji. Kusiyana kunali koti kuno ana adayamba kuphunzira kuwerenga m'Chichewa, pomwe ku Zambia nthawi imeneyo amayamba ndi Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba.