Kumwera kwa bwalo la sukulu yathu

Kusukulu kwathu kulibe magetsi, ndiye usiku wa mu Juni thambo limadzaza ndi nyenyezi. Mukaima pabwalo la mpira n'kuyang'ana kumwera, mumaona nyenyezi ziwiri zowala zitaloza zinzake zooneka ngati mtanda. Pafupi ndi yowala kwambiriyo, Alpha Centauri, pali kanyenyezi kofiira kosaoneka ndi maso, Proxima Centauri. Kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kufike kuno.

Mu 2016 akatswiri oyeza thambo paphiri la La Silla, ku Chile, adalengeza kuti kanyenyezika kali ndi pulaneti. Pulanetiyo sadaione ayi. Adangoona kanyenyeziko kakudendekera uku ndi uku masiku 11 alionse, ngati mayi amene mwana akumukoka chitenje.

Ophunzira anga a Fomu 3 amafunsa ngati kumeneko kuli madzi. Chimandiwawa n'chakuti palibe mmodzi mwa iwo amene adasuzumirapo mu telesikopu.