Pisitoni ya Lipenga Sipalidwa ndi Sandipepa

Pali anthu ena masiku ano amene, atangodziwa kugwira nyundo ndi kumata ndowa, ayamba kudzitcha okonza malipenga, ndipo popeza mtengo wawo ndi wotsika, akuluakulu a mabandi a m'mipingo ndi m'masukulu amathamangira komweko, koma lipenga likabwerako litaphedwa, m'pamene amakumbukira khomo langa, nakulunga lipengalo m'nsalu, nadzati, "Bambo, tatiwonerani pang'ono, silikulira bwino." Ine amene ndamerera imvi pa ntchito imeneyi sindingakhale chete.

Za kutsuka ndi kuwongola zopindika sindinenapo, pakuti aliyense wofatsa akhoza kuziphunzira. Chimene anthuwo sachidziwa n'chakuti mawu a lipenga amabadwira pa milomo ya munthu yonjenjemera m'kachikho ka pakamwa, ndipo mpope wamkuwa uja, umene mutauwongola ungatalike pafupifupi mita imodzi ndi theka, ntchito yake ndi kusankha mawuwo ndi kuwakuza. Malipenga awiri asiliva amene Mose analamulidwa kusula, ngakhalenso awiri aja anapezeka m'manda a mfumu Tutankhamun ku Egypt, manda amene anatulukiridwa m'chaka cha 1922, anali mipope chabe yotulutsa mawu owerengeka, okwanira kuitanira khamu kapena kuchenjeza za nkhondo. Zinasintha m'chaka cha 1818, pamene Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel a ku Germany analembetsa luso lawo lopatutsira mpweya ku timipope towonjezera. Ndipo pisitoni imene tigwiritsa ntchito lero ndi ya François Périnet wa ku Paris, ya m'chaka cha 1839. Mukadina pisitoni yoyamba mawu amatsika monga kuchoka pa re kufika pa do, yachiwiri kuchoka pa do kufika pa ti, yachitatu kuchoka pa do kufika pa la.

Tsono moyo wonse wa lipenga uli pa mapisitoni atatuwo. Pisitoni iyenera kukwana m'chimake mothina kotero kuti mpweya usapeze pothawira, komanso momasuka kotero kuti, italandira kadontho ka mafuta, itsike ndi kubwerera chala chisanaganize. Mpata wa pakati pakewo ndi wochepa kuposa tsitsi limodzi. Lipenga likagwa, nthawi zambiri chimene chimaphwanyika ndi chimake, pisitoni ili bwinobwino. Koma wachangu uja, poona kuti yakakamira, amatenga sandipepa n'kuipala mpaka iyende, mwini wake n'kupita akuthokoza, osadziwa kuti chitsulo chimene chachoka sichidzabweranso, ndi kuti kuyambira tsikulo mwana woliza adzatha mpweya pachabe, mawu ake ali osasa. Njira yake yeniyeni ndiyo kufunafuna pamene patupa m'katimo, kupakankha pang'onopang'ono ndi chitsulo chosalala cha muyezo wake, kenaka kupaka phala losalalitsira la mtundu wofewetsetsa, kulowetsa pisitoni ndi kuitulutsa mozunguza, kutsuka, kuyesa, ndi kubwerezanso kufikira dzanja litavomera. Potsiriza ndimasolola kampope kamodzi osadina pisitoni: kakalira kuti pho! ndiye kuti mpweya sukudontha.

Izi anandiphunzitsa ndi mkulu wina amene pa unyamata wake ankadzutsa asilikali a Keyala ku Zomba ndi lipenga lopanda mapisitoni, napita nalo ku nkhondo, nabwerako khutu limodzi litagontha. Anali munthu wa mawu ochepa, wosalola kuti chida chigone pamene sipake. Anandisunga pa beseni nthawi yaitali, ndikutsuka malipenga a eni, asanandilole kukhudza pisitoni, ndipo ndikadandaula ankangoti, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ankakweza pisitoni cha pa zenera, naitembenuza pa kuwala, nandionetsa kamzere konyezimira pamene pakukhuza, kamene maso anga aunyamata anali atakalumpha. Akamaliza ntchito ankasamba m'manja, kuvala jekete, kuimirira chilili monga pa perete, ndi kuliza nyimbo yonse ya m'buku la mpingo, pakuti ankati lipenga siliperekedwa kwa mwini wake lisanatamande Mulungu. Anthu a m'njira ankaima kumvetsera. Zida zake zili ndi ine, ndipo zina mwa izo anasula yekha.

Lero munthu amathira mafuta ophikira m'mapisitoni, amazula kachikho ndi pulayala mpaka mpope kupotoka, amaliza lipenga atangomwa zotsekemera osatsuka m'kamwa mpaka mkuwa kutuluka mawanga ofiira, ndiye ndikatchula mtengo wa ntchito ya masiku angapo amagwira pakamwa, nati kuli bwino agule latsopano. Atsopano otchipawo ndawatsegula ambiri: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkuwa wake ndi wopyapyala, zomatira zake zimamasuka zokha, ndipo ulusi wa zivindikiro zake umatha chaka chisanathe, pamene lipenga lakale la Besson, lozimiririka ndi manja a mibadwo, likadali kulira mokoma.

Inu akuluakulu osunga zida za bandi, gulani mafuta ake enieni, phunzitsani ana kutsuka malipenga ndi madzi ofunda, ndipo pisitoni ikakakamira musalole munthu aliyense kuiyandikira ndi sandipepa.