Kusoweka pa Google kwa Amalonda a ku Moatize ndi Zóbuè

Mbadwo umene unakula nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itangotha mu 1992 unkadziwa njira ziwiri zolengezera malonda, ndizo chikwangwani cha m'mbali mwa msewu wochoka ku Tete kudzera ku Moatize mpaka pachipata cha Zóbuè, ndi uthenga woulutsidwa pa wailesi. Kuyambira mu 2011, pamene kampani ya Vale inayamba kukumba malasha ku Moatize, komanso mu 2012, pamene kampani ya mafoni ya Movitel inayamba kufikitsa netiweki kumidzi, mlendo wofuna malo ogona, galaja kapena womuthandiza pa za kasitomu wakhala akuyamba wafunsa foni yake asanafunse munthu, moti eni malonda ambiri alipira ndalama kuti akhale ndi webusaiti, koma ena mwa iwo sapezeka ngakhale dzina lawo litalembedwa molondola.

Gwero la vutoli nthawi zambiri limakhala laling'ono kwambiri. Google imatuma pulogalamu yotchedwa Googlebot kuti izitsata maulalo, kuwerenga masamba ndi kuwalemba m'kaundula wake, ndipo tsamba limene silinalowe m'kaundulamo silingaonekere kwa wofufuza aliyense. Isanawerenge kanthu, pulogalamuyi imayamba yaona kafayilo kotchedwa robots.txt, momwe mwini webusaiti amalembamo malo amene akuloleza ndi amene akuletsa, mwambo umene Martijn Koster anauyambitsa mu 1994 ndipo unakhazikitsidwa mokwanira mu 2022 m'chikalata cha RFC 9309. Wokonza webusaiti amaika mzere wakuti Disallow: / pamene ntchito ili mkati, pofuna kuti masamba osatha asaonekere, ndipo akaiwala kuuchotsa, webusaiti yonse imakhala ngati sitolo yodzaza katundu imene mlonda wake anauzidwa kuti asalowetse aliyense.

Pali msampha wina umene umasokoneza ngakhale odziwa ntchito. Kafayilo kaja kamaletsa kuwerenga tsamba, koma sikaletsa kulemba adiresi yake m'kaundula, pomwe chizindikiro cha noindex, chomwe chimaikidwa m'kati mwa tsamba lenilenilo, ndicho chimalamula kuti tsambalo lisalembedwe. Munthu akagwiritsa ntchito zonse ziwiri pa tsamba limodzi, Googlebot imalephera kulowa kuti ikaone chizindikirocho, ndipo adiresi imene mwini wake amafuna kubisa ikhoza kumaonekerabe popanda mawu ofotokoza. Zolakwika zina zimadziwika ndi manambala: 404 amatanthauza kuti tsamba kulibe, 500 kuti seva, yomwe ndi kompyuta yosunga webusaiti, yalephera kuyankha, ndipo 301 ndi amene amalondolera wofufuza ku adiresi yatsopano. M'dera limene makontilakitala amasintha mayina ndi ntchito kawirikawiri, monga zinachitikira mgodi wa Vale utagulidwa ndi kampani ya Vulcan mu 2022, kuiwala 301 kumataya makasitomala onse amene ankadziwa adiresi yakale.

Zonsezi zimaoneka mosabisa mu Search Console, chida chaulere cha Google chomwe chinapatsidwa dzinali mu 2015, koma chimatsegukira yekhayo amene watsimikizira kuti webusaitiyo ndi yake, kapena amene iye wamuloleza. Apa ndi pamene pagona nkhawa yeniyeni, pakuti wopenta chikwangwani ankasiya ntchito yake m'manja mwa mwini sitolo, amene ankatha kuona yekha utoto ukayamba kusuluka, pomwe wokonza webusaiti amatha kusamukira ku Maputo kapena ku Blantyre atatenga mawu achinsinsi onse, n'kusiya mwini malonda akulipira chaka ndi chaka chinthu chimene sangathe kuchiyang'anira.

Wamalonda aliyense wa ku Moatize ndi Zóbuè asamamalize kulipira wokonza webusaiti asanalandire mawu achinsinsi, asanalembetse dzina la webusaitiyo m'dzina lake, ndiponso asanaone ndi maso ake mu Search Console kuti masamba ake alowa m'kaundula.