Ndere Nazonso Zili ndi Maina

Kumunsi kwa munda wathu kuno ku Malomo kuli kakhwaŵa kamene makolo anatisiyira pamodzi ndi mitengo yake ya mkuyu ndi katope. Patsinde pa mitengoyo pamatumphuka kasupe amene sanaphwepo chibadwire chathu, ngakhale m'mwezi wa Okotobala pamene zitsime zina za m'mudzi zimatsala matope okhaokha. M'mwezi wa Disembala wapitawu ife aŵiri, bambo ndi mayi a pakhomo pano, tinagwirizana zodula ina mwa mitengoyo. Chigafa chathu cha fodya chinali chitadyeka ndi chiswe, ndalama zogulira nsanamira kwina tinalibe, ndiponso tinaona kuti malowo atayera tingathe kutsegulapo dimba la tomato ndi mpiru. Nkhwangwa tinali titanola kale.

Sabata lomwelo mwana wathu wamkazi anafika patchuthi kuchokera ku koleji kumene akuphunzira za zomera. Tiulule pano kuti maphunziro akewo sanatikondweretse kuyambira pachiyambi. Ife tinkafuna kuti akhale namwino, ntchito yodziŵika ndi munthu aliyense, ndipo abale akatifunsa chimene mwanayo akuphunzira tinkayankha mozemba. Tsiku lina m'maŵa tinamtuma kukatunga madzi kukasupe, koma dzuŵa linakwera iye osabwera. Amayi ake anamlondola mtima uli m'mwamba, ndipo anampeza atagwada pagombe, ndowa ili pambali yopanda madzi, diso lili pa kagalasi kokulitsa zinthu.

"Mwana iwe, anthu tikudikira madzi kunyumba, iwe uli pano kuseŵera ndi ndere?"

"Pepani amayi, ndalakwa. Koma ndikupempha kuti madzulo mubwere pamodzi ndi ababa, mudzaone zimene muli nazo pano musanadule mitengoyi."

Tinapita, ngakhale monyinyirika. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo madzulo amenewo tinaumvetsa mwambiwu. Pagombe lonyowa panali kachomera koyala pansi ngati kachikopa kobiriŵira, kogaŵikana paŵiripaŵiri kunsonga kwake, kopanda tsinde ndi masamba. Titayang'ana m'kagalasi tinaona pamsana pake timbale ting'onoting'ono tokhala ndi mano m'mphepete, ndipo m'kati mwa kambale kalikonse munali timbulumbulu tobiriŵira, ngati mazira m'chisa cha mbalame. Mwanayo anatifotokozera kuti dontho la mvula likagwera m'kambalemo, timbulumbuluto timathovokera kunja, ndipo kalikonse kakagwera ponyowa kamamera n'kukhala chomera chatsopano. Zaka zonsezi takhala tikuponda pamenepo ndi ndowa pamutu osadziŵa kuti pansi pa mapazi athu pali munda wofesedwa ndi mvula.

M'chinenero chathu zonse zobiriŵira zomera pamwala, pakhungwa la mtengo ndi m'madzi odikha timangoti ndere. Koma ophunzira za zomera amazisiyanitsa. Ndere zoterera za m'dziŵe ndi gulu lina. Zouma zotuŵa zomatirira pathanthwe ndi gulu linanso. Zofeŵa ngati ubweya pamiyala ya mumthunzi ndi gulu lachitatu. Zimene anationetsa mwana wathu ndi gulu lapalokha limene pa Chingerezi amalitcha liverwort. Dzinali likutchula chiŵindi, chifukwa anthu akale a ku Ulaya anaona kuti maonekedwe a zina mwa zomerazi akufanana ndi chiŵindi, nayamba kukhulupirira kuti zimachiza nthenda za chiŵindi. Chimenecho chinali chikhulupiriro chabe, koma dzina linakhalirira. Ife pakhomo pano tayamba kuzitchula ndere za chiŵindi.

Zomera zimenezi zilibe maluŵa, zilibe zipatso, zilibenso mizu yeniyeni. Zimagwirira pansi ndi timaubweya tating'ono, ndipo madzi zimamwa ndi thupi lonse. Pofuna kubereka, mbewu yachimuna imasambira m'madzi a mvula kapena a mame kufikira itapeza yachikazi, ndipo pambuyo pake pamatuluka kabotolo kodzaza ndi timbewu tonga fumbi touluka ndi mphepo. N'chifukwa chake zambiri mwa izo zimakonda mthunzi ndi chinyontho. Pali chinthu chinanso chimene chimazisiyanitsa ndi zomera zina zonse: m'kati mwa matupi a zambiri muli timatumba ta mafuta tooneka ndi makina oonera tinthu tating'ono okha, ndipo akatswiri amayang'ana kuchuluka ndi maonekedwe a timatumbato pofuna kudziŵa mtundu wa chomeracho.

Chimene chinatidabwitsa koposa ndi kuchuluka kwake. Mndandanda umene akatswiri a maiko ambiri anasindikiza m'chaka cha 2016 unasonyeza kuti mitundu ya ndere zimenezi, pamodzi ndi kagulu kena kakang'ono kofanana nazo, ndi yoposa 7,000 pa dziko lonse lapansi. Tinafunsa kuti munthu angaisunge bwanji m'mutu mitundu yochuluka chotere. Mwanayo anaseka nati, "Ababa, kodi inu anthu a m'mudzi muno mumaŵadziŵa bwanji? Si paja mumayamba mwafunsa mfunda, kuti uyu ndi Phiri, uyo ndi Banda, winayo ndi Mwale?" Momwemonso zomera. Kuyambira m'chaka cha 1753, pamene katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anasindikiza buku lake lalikulu la zomera, chomera chilichonse chimapatsidwa maina aŵiri a Chilatini. Loyamba lili ngati mfunda, lachiŵiri ndi lakelake. Mifunda yapachibale imaikidwa m'banja limodzi, ndipo mabanja amasonkhanitsidwa m'magulu akuluakulu, amene pa ndere za chiŵindi alipo atatu.

Kwa munthu wongoyamba, njira yapafupi ndi kuyang'ana maonekedwe aŵiri. Pali zoyala pansi zopanda masamba, ndipo pali zokhala ndi katsinde ndi timasamba tondandalika m'mizere iŵiri, nthaŵi zina ndi mzere wachitatu wobisika kunsi. Kachomera ka timbale kaja ndi ka mfunda wa Marchantia, dzina lokumbukira Nicolas Marchant, katswiri wa zomera wa ku France. Pamphepete pa njira, pa dothi lopondedwa limene mvula inanyowetsa, anationetsa tina tozungulira ngati kandalama kachitsulo, ta mfunda wa Riccia. Timeneti timapirira dzuŵa kuposa tinzake: chilimwe chikafika timauma, koma timbewu take timagona m'dothi kudikira mvula yoyamba.

Za masamba zija anati tikazione bwino kuphiri. Choncho Loŵeruka lina tinanyamuka mbandakucha, pena pa matola pena wapansi, kupita ku nkhalango ya m'phiri la Ntchisi. Phiri limeneli ndi lotalika kupitirira mamita 1,600, ndipo nkhalango yake inaikidwa m'manja mwa boma kuti itetezedwe m'chaka cha 1924. Akuluakulu amasimba kuti makolo athu ankathaŵiramo pa nthaŵi ya nkhondo za Angoni. Pokwera tinadutsa m'tchire la mitengo ya msuku ndi mombo, m'mene makungwa anali ouma. Koma titangoloŵa m'nkhalango yeniyeni ya pamwamba, mphepo inazizira, kuŵala kunachepa, ndipo mitengo inali itavala zobiriŵira kuyambira patsinde kufikira kunthambi. Apa anationetsa Plagiochila, yotuluka pakhungwa ngati tinthenga; apo Frullania, yofiirira, yokhala ndi timatumba tosungira madzi kunsi kwa timasamba take. Pafupi ndi kamtsinje anatembenuza nthambi ya chitsamba, ndipo pamwamba pa tsamba limodzi lamoyo panali tizomera tating'onoting'ono ta banja la Lejeuneaceae, limene ndi banja lalikulu koposa onse, la mitundu yoposa 1,000. Tsamba limodzi linali ngati mudzi wathunthu.

Tili pansi kupumula, anatiuza kuti m'nkhalango za m'mapiri zomera zotere zimakola nkhungu ndi mvula, n'kusunga madziwo ngati thonje lonyowa, kenaka n'kumaŵataya pang'onopang'ono. Anatiuzanso kuti m'chaka cha 1991 akatswiri a bungwe la British Bryological Society anabwera kudzafufuza zomera zimenezi pa phiri la Mulanje, ndipo anapeza mitundu yambiri imene inali isanalembedwepo m'Malaŵi muno. Ku Zomba kuli nyumba ya boma yosungiramo zomera zouma za dziko lino, kumene chomera chilichonse chimasungidwa ndi dzina lake, malo ake ndi tsiku limene chinatengedwa. "Chimene ndikufuna ine," anatero mwanayo, "n'chakuti tsiku lina za kwathu kuno nazonso ndidzazilembe ndi dzanja langa." Ife aŵiri tinangoyang'anizana, pakuti aka kanali koyamba kumva chimene mwana wathu akufuna, chifukwa tinali tisanamfunsepo.

Usiku umenewo tinakambirana mpaka nyali inatha mafuta. Mwanayo sanatinamize kuti ndere ndizo zimatulutsa madzi a kasupe wathu. Iye anati ndere ndi mboni chabe: pamene zikukondwa, ndiye kuti mthunzi ulipo ndipo nthaka idakali yonyowa. Mitengo ikapita, zoyamba kufa ndi izo, ndipo gombe limatsala poyera kuti dzuŵa liliwambe ndi madzi osefukira alikokolole. Zotsalazo tinazidziŵa tokha, pakuti makhwaŵa ena a m'dera lino amene anthu anaŵalima mpaka m'mphepete tinaŵaona ndi maso athu akusanduka zigwembe.

Mitengo ija sitinadule. Tinagulitsa mbuzi ziŵiri n'kugula bulugama kwa mnansi wathu, ndipo chigafa chinatuluka chaching'ono kuposa chimene tinkafuna, kotero kuti fodya wina anapanikizana ndi kuonongeka. Dimba lija silinatsegulidwe, ndipo ndiwo tikugulabe pamsika. Alipo abale amene mpaka lero amatiseka kuti tinataya mbuzi chifukwa cha ndere, ndipo sitingaŵatsutse kotheratu, chifukwa ndere sizinatipatse ngakhale tambala imodzi. Koma m'maŵa uliwonse ndowa zikubwera zodzaza kuchokera kukasupe, osati zathu zokha komanso za mabanja ena oyandikana nafe.

Kwa makolo anzathu tikuti: mwana akachedwa kumadzi, musanakweze mau yambani mwapita kukaona chimene wagwadira. Timakonda kunena kuti mau a akulu akoma akagonera, ndipo n'zoona. Koma ife taona kuti a mwana nawonso amagonera. Kwa inu achinyamata a ku Ntchisi ndi ku Dowa, amene mumakwera mapiri aŵa pokasaka bowa ndi nkhuni, tikuti ŵeramani pang'ono muyang'ane pagombe la mtsinje, pakhungwa la mtengo ndi pamwala wa mumthunzi. Ŵerengani mitundu imene mungathe kuisiyanitsa, muilembe m'kope pamodzi ndi malo ndi mwezi.

Mwana wathu anabwerera kusukulu m'mwezi wa Januwale, koma kagalasi kaja anatisiyira. Kamakhala pazenera pafupi ndi mpando wa ababa ake, ndipo adzukulu akabwera amalimbirana kukanyamula popita kukasupe. Tsopano abale akatifunsa chimene mwanayo akuphunzira, timaŵatenga n'kutsika nawo kukhwaŵa.