Misonkho imadutsa pa boda, ife timatsala ndi fumbi

Abale anga akuno kumudzi ndi inu muli ku Lilongwe, lero ndilankhuleko za boda yathuyi.

Mu Disembala 2022 a Chakwera ndi a Hichilema anatsegulira limodzi boda yatsopano ya Mchinji ndi Mwami, yomangidwa ndi ndalama za African Development Bank. Ndi yokongola, sindikana. Mathiraki akudutsa usana ndi usiku, msonkho ukutoleredwa, koma ndalamayo siigona kuno. Imapita ku thumba lalikulu la boma lija amati Account Number One. Khonsolo imatsala ndi matikiti a pamsika ndi zomwe boma lingatumize.

Ndiye tasiyani tala wa M12 mukhotere kumidzi nthawi ya dzinja muone. Galimoto ya feteleza imathera panjira, kotsalako ndi ngolo. Tikakolola soya ndi mtedza, venda amene walimba mtima kufika kuno ndiye amatchula mtengo, sikelonso ndi yake. Akudziwa kuti thumbalo sungabwerere nalo. Anthu akawolotsa mbewu usiku kupita tsidya ilo mumati ndi ozembetsa. Eya, n'kulakwa, koma msika wapafupi uli mbali iti?

Anzathu a ku Zambia mu 2022 anakweza CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, kwacha yawo imeneyo. Kuno inafika pa K100 miliyoni, kenako K200 miliyoni, koma pakatipo kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti n'kukwera. Mlatho umodzi wabwino ukhoza kumeza ndalama yonseyo.

China chomwe a m'maofesi saona n'chakuti ife a m'malire ndife anthu amodzi. Tinakwatirana, maliro timaika limodzi, wodwala amathamangira chipatala chomwe chili pafupi osayang'ana mbendera. Mankhwala owerengedwera mbali imodzi amamwedwa ndi mbali ziwiri.

Ine pempho langa ndi laling'ono. Pa msonkho wa pa boda, kachigawo kenakake kazitsala m'boma lomwe muli bodayo, kolembedwa m'malamulo, kogwirira misewu ya kumidzi ndi milatho basi. Osati Mchinji yokha, a ku Mwanza, Dedza ndi Songwe nawonso.

Akumudzi, nkhaniyi tikaitule ku VDC ndi ku ADC, ilembedwe m'maminitsi. Inu a m'tauni, aphungu mumakumana nawo kawirikawiri kuposa ife. Mukawafunse ngati analankhulapo za izi ku Nyumba ya Malamulo, yankho mutiuze pompano.