Mwana wa pa komboni ndi miyala ya ku Tengenenge

Kalata yoitana mwana wa mlongo wanga kuti akafunsidwe mafunso ndi aphunzitsi a ku yunivesite itafika, pakhomo sipanamveke nthungululu. Mtsikanayu anapempha malo ndi thandizo la fizi kuti akaphunzire mbiri ya zaluso, maphunziro ofufuza za zosema, zojambula ndi zoumba: anazipanga ndani, liti, ndiponso chifukwa chiyani. Bambo ake, amene ankafuna kuti achite unamwino, anangofunsa kuti: "Kodi zimenezo zimadyetsa munthu?" Poti ndine malume wake, nkhani inagwera ine.

Tinali ndi masabata atatu. Tsiku loyamba anabwera ndi kope lodzaza ndi mayina a Michelangelo, Rembrandt ndi Picasso, ataloweza zaka zawo ngati katekisimu. Ndinamuyesa ndi funso lapafupi: "Unakulira kuti, nanga zaluso unayamba kuziona kuti?" Anazyolika. "Malume, ndikanene kuti ndine wa pa komboni? Akandiseka."

Manyazi amenewo ndimawadziwa. Agogo athu anachoka ku Dedza m'nthawi ya Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya a ku Mashonaland, ndipo ife tinakula tikutchedwa mabhurandaya. Mafamu atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, mabanja ambiri anataya ntchito ndi pogona pomwe. Lamulo la mu 2001 linasiya ambiri opanda unzika, mpaka malamulo aakulu a mu 2013 anatsegulanso khomo. Mwana wokulira m'zoterezi amazolowera kubisa kwawo.

Loweruka lotsatira ndinamutenga kupita ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve. Malowa anali famu ya fodya ya Tom Blomefield. Zilango za malonda zimene Rhodesia inapatsidwa pambuyo pa 1965 zitagwetsa fodya, wosema wina, Crispen Chakanyuka, anamuonetsa Blomefield mwala wosemeka umene unali m'mapiri a pafamupo. M'chaka cha 1966 antchito anatula makasu natenga nyundo ndi tchizulo. Ambiri mwa iwo anali Achewa ndi Ayao. Panali Lemon Moses wa ku Malawi, Josiah Manzi, Myao, ndi Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, amene anayamba ndi kukumba miyala asanatchuke ndi nkhope zake zomwetulira za maso ong'ambika pang'ono. Komabe dziko lapansi linadziwa ntchito zonsezi ndi dzina limodzi lakuti zosema za Ashona, limene linafala kudzera mwa Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba ya zaluso imene inatsegulidwa ku Salisbury mu 1957.

Mtsikana uja anamvetsera ali duu, kenaka anafunsa: "Ndiye chifukwa chiyani mabuku athu sanena zimenezi?" Ndinamuuza kuti funso lakelo ndilo chiyambi cha maphunziro amene akufunawo.

Ndinamupempha asankhe chosema chimodzi pansi pa mitengo, achiyang'ane mphindi khumi osalankhula, kenaka andiuze zimene akuona, osati zimene anawerenga. Anayamba modzikayikira. Anatchula kuwala kwa mwala kumene wosema anapaka phula, ndi kukhakhala kumene anasiya dala. Kenaka anaseka: "Malume, pakamwa apa ndi pa Simoni!" Ankanena chilombo chofiira nkhope chija chimene chimavinidwa motsanzira mzungu. Kuyambira pamenepo mawu anangotuluka okha. Anafotokoza za Kasiyamaliro wobwera pa maliro, za amayi oomba m'manja ndi kuyimba pabwalo, za fumbi la gule Lamlungu masana pa komboni. Zonsezi anaziona ali wamng'ono, koma sankadziwa kuti ndi chuma, ngakhale UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005.

Masiku otsalawo tinkayeserera madzulo aliwonse. Tinagwirizana zinthu zitatu. Ayambe ndi chimene maso ake akuona. Akafunsidwa chimene sadziwa, avomere msanga, kenaka aganize mokweza. Za gule anene za pabwalo zokha, pakuti za kudambwe zili ndi eni ake. Picasso sitinamutaye: tinakambirana mmene zigoba za ku Africa zimene anaona ku Paris zinasinthira kajambulidwe kake cha m'ma 1907, ndi mmene mayina a amene anazisema sanalembedwere.

Funso la alamu anga sindinalipeputse. Ntchito m'nyumba za zaluso za ku Harare, Bulawayo ndi Mutare nzochepa, ndipo uphunzitsi sulemeretsa. Sindinawalonjeze kanthu. Ndinangowakumbutsa kuti akale aja akutha, ndipo mbiri yawo ikapanda kulembedwa ndi mwana wodziwa chinenero chawo, idzalembedwanso ndi alendo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anapereka ndalama ya basi.

Inu anzanga ogwira ntchito m'makomboni ndi m'midzi, mukakumana ndi mwana wokonzekera mafunso otere, musayambe ndi kumuphunzitsa kulankhula ngati wa m'tauni. Mufunseni zimene anaona pakhomo, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsiku la mafunso ndinamudikira panja. Atatuluka anati funso loyamba linali lakuti anakulira kuti. "Ndinawauza, malume. Ndinatchula ndi dzina la famu lomwe." Yankho la yunivesite tikulidikirabe.