Ciwaya Cobvala Suti

M'masitolo akulu a mu Lusaka, monga a ku Manda Hill, mugulitsidwa cakudya ca m'mawa cochedwa granola. Cikhala m'mapaketi okongola, ndipo ndalama za paketi imodzi zingathe kugulira banja la mu Mtendere ndiwo za masiku angapo. Munthu akatsegula apezamo mbeu zokazinga, nsawa zoswa-iswa ndi tinthanga ting'ono-ting'ono, zonse zomatana ndi uci. Ine ndinaciona koyamba m'nyumba ina ya ku Kabulonga m'mene ndinali kugwira nchito yophika, ndipo nditalawa ndinaseka ndekha ndi kunena mumtima, "Ici ndi ciwaya cathu comwe, kungoti cabvala suti."

Inu anzanga amene mwakulira mu tauni ndi kutsiriza sukulu muno, kapena ciwaya cimene mudziwa ndi cija ca m'timapulasitiki cogulitsidwa m'mbali mwa mseu. Kwathu ku Katete cinali cakudya ca ulemu wace. Amai anali kuika phale pa mafuwa ndi kukazinga cimanga couma pamodzi ndi nsawa, nawaza madzi a mcere kufikira zonse zitayera mbee. Mwamuna wopita ku nchito ku Migodi, ku Salisbury kapena ku Joni sanali kucoka pa mudzi wopanda kamba wotere, popeza saola msanga, salemera, ndipo safuna moto kapena mbale pakudya. Wokazinga anali mkazi wace, amace kapena mlongo wace. Sikunali kumveka kuti munthu wagula kamba wace kwa mlendo.

Naye granola ali ndi mbiri yace. Anayambira ku America m'caka ca 1863, pamene dokotala wina dzina lace James Caleb Jackson, amene anali kusunga odwala ku Dansville m'dera la New York, anaphika ufa wa tirigu wosasefa, nauswa-iswa utauma, nauphikanso. Cakudyaco anacicha granula. Cinali colimba kotero kuti asanadye anali kuyamba acibviika mu mkaka usiku wonse. Pambuyo pace dokotala wina, John Harvey Kellogg wa ku Battle Creek, anapanga cace cofanana naco, nacicha dzina lomwelo. Koma poopa mlandu anasintha lemba limodzi, dzina nilikhala granola. Granola wa uci ndi mbeu ya oats amene tiona lero anawanda pambuyo pa caka ca 1960.

Ine ndipanga wanga kawiri kapena katatu pa caka, wogawira abale ndi anansi. Cogula ku sitolo ndi oats yekha, mbeu ya maiko ozizira imene ifika kuno yophwanyidwa kale, kawiri-kawiri kucokera ku South Africa. Zina zonse nzathu. Nthanga za maungu ndisunga ndekha, citowe cipezeka ku msika wa Soweto, ndipo uci ndifuna wa ku Kabompo kapena ku Mwinilunga, kumene anthu apacika ming'oma ya makungwa m'mitengo ya m'nkhalango. Uci wa m'mbali mwa mseu ndiukaikira, pakuti ena authira shuga wosungunula. Nsawa zicokera kwa mlongo wanga ku mudzi, zija zazikulu za mtundu wa Chalimbana, ndipo ndimuuza nthawi zonse kuti atumize zosasenda.

Cifukwa cace nci. Mu nsawa ndi mu cimanga mumera cuku cina cimene citulutsa ciphe cochedwa aflatoxin. Akatswiri anacizindikira pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England m'caka ca 1960, zitadya cakudya copangidwa ndi nsawa za ku Brazil. Mwa munthu cipheci cidya ciwindi pang'ono-pang'ono, cingathe kudzetsa nthenda ya kansa, ndipo cipinimbiritsa ana. Si nkhani ya kutali iai. Mu August 2024 Nduna ya za Umoyo, a Elijah Muchima, anauza dziko kuti agalu pafupi-fupi 400 anafa atadya zakudya za cimanga cimene cinali ndi ciphe comweci, ndipo cinapezekanso mu ufa wina wogulitsidwa kwa anthu. Cuku cikonda mbeu zimene zabvutika ndi cilala m'munda, ndi zimene zasungidwa zisanaume. Cikondanso mcitidwe uja wowaza madzi pa nsawa kuti makoko afewe posenda. Ndico cifukwa cace ndisenda ndekha, zouma gwa, ngakhale zala zipweteke.

Nchito yaikulu ya granola, tsono, siri pa moto. Iri pa licero. Ndikhala pa mphasa kunja kumene kuli kowala, ndi kuona nsawa imodzi-imodzi. Yofota, yosweka, yofumbwa, yakuda kapena yobiriwira mkati, zonsezo zipita pambali. Meda imodzi idya masana onse. Kusankha sikucotsa ciphe conse, pakuti maso saona zonse, koma kucotsa cambiri. Ndipo moto wa pa mbaula sungathe kutsiriza cimene licero lalekerera. Zosankhidwazo ndizikwirira m'dzenje. Apa ndipo tisiyana ndi anzanga ambiri. Iwo ati kutaya cakudya ndi kudzikuza, ndipo nsawa zoipa azisinja kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi zothira m'phala la ana. Sindiwanyoza, popeza ndidziwa umo ndalama ibvutira mu komboni. Koma mtima uwawa poona kuti zabwino zipita ku msika kwa alendo, ndipo zoola zilowa m'mimba mwa mwana wa mwini nyumba. Mnansi wanga wina anapempha tsiku lina kuti ndimpatse zoipazo akadyetse nkhuku zace. Ndinamkaniza, ndipo anakhala sabata lathunthu osandipatsa moni.

Kukazinga kwace sikubvuta. Mabuku a Azungu anena za uvuni, koma m'caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima pafupi-fupi tsiku lonse, eni mauvuni anabwerera ku mbaula monga ife tonse. Malasha ayenera kupsa kufikira atacita phulusa pamwamba, pakuti moto wa malawi upsereza kunja mkati muli mwauwisi. Ndiyamba nsawa pa zokha m'ciwaya cotakata, makapu awiri. Zikapsa ndizifikisa m'manja ndi kupeta kuti tikhungu ticoke. Nthanga zitsatira, ndi citowe cimene cingofuna kamphindi, popeza cikayamba kuthetheka ndiye kuti capsa. Kenaka makapu anai a oats, ndi masupuni anai a mafuta ophikira, aja tiwacha saladi, kutakasa ndi mthiko osalekeza kufikira atafiira ngati nyerere za m'dambo. Pamenepo nditsitsa ciwaya, ndi kuthira zonse pamodzi, kamcere pang'ono ndi theka la kapu ya uci, ndi kubwezera pa moto wozirala nthawi yocepa yokha. Uci ukapserera uwawa ngati ndulu, ndipo palibe cokonzera. Fungo lace lifika nyumba zitatu. Ana a anansi, amene tsiku lonse sanakumbuke kuti ndiri moyo, ayamba kudzafunsa ngati ndiri ndi cowatuma.

Zikapsa ndiyala pa thireyi kuti zizizire ndithu. Wothira m'botolo zikali zofunda apeza mawa lace zitalowa cinyezi. Ndisunga mabotolo a jamu caka conse cifukwa ca nchito yomweyi, ndipo m'nyengo ya dzinja ndipanga pang'ono pokha, makamaka wopita ku Kanyama kumene madzi a mvula alowa ndi m'nyumba momwe. Nyumba iri yonse ya mwana wakhanda ndinenapo mau amodzi popereka: mwana wosakwana caka asalawe uci, ndipo nsawa zathunthu zingamtsamwe.

Olandira ali ndi maweruzo osiyana. Adzukulu anga a ku Kalingalinga adya ndi mkaka monga aonera pa televizyoni. Mng'ono wanga amene ayendetsa basi pa mseu wa Great East aika botolo pafupi ndi ciongolero, natapa ndi dzanja kuyambira pa Chongwe kufikira pa mlatho wa Luangwa. Ameneyo ndiye adya monga anadyera atate. Azakhali a ku Chawama anatsegula botolo, nanunkhiza, nati, "Mwana wanga, fungo ndi la kwathu, koma mano anatsala ku Katete." Ao ndiwasinjira mu mtondo kuti azithira m'phala. Mlamu wanga wa ku Matero anayang'ana m'botolo nthawi yaitali, nati, "Alamu, kodi mwatiyesa nkhunda?"

Mwambo wa kwathu uti mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu, ndipo mabotolo anga atsata mwambo womwewo. La ku Kanyama libwera ndi kapenta, la ku George ndi nyemba, la azakhali ndi mfutso wa nkhwani umene sindidziwa kumene aupeza mu tauni muno. La alamu a ku Matero ndilo liyamba kubwera masiku onse, lopanda kanthu koma lotsukidwa bwino, ndipo mwana wolibweretsa akhala pa khonde kufikira nditamuuza mwezi umene nsawa zatsopano zidzafika.